PHUNZIRO: NYUMBA YAKALE IKONZEDWA KUYAMBIRA PANSI

Nyumba yakale imayamba kudwala zaka zambiri eni ace asanadziwe, ndipo kawirikawiri matenda ace acokera kwa anthu amene adaikonda nafuna kuikometsa. Wina agumula khoma kuti cipinda cikule, wina asema mtanda kuti mpope wa madzi upite, winanso aika denga lolemera kuposa loyamba. Ali yense agwira nchito yace ndi mtima wabwino, koma palibe amene afunsa kuti katundu yenseyu wasenzedwa ndi ciani. Phunziro lino liri pa funso limeneli.

Citsanzo cace ndi nyumba yodziwika pa dziko lonse lapansi, White House ya mu mzinda wa Washington, m'mene akhala Pulezidenti wa United States of America. Nyumba imeneyi idatsala pang'ono kugwera eni ace m'caka ca 1948, ndipo nchito yoikonza idatha mu 1952. Zimene amisiri adapeza m'katimo ziri ndi phindu kwa munthu ali yense amene asunga nyumba ya makolo ace, nyumba ya mphunzitsi, kapena nyumba yakale ya pa parishi.

MAMANGIDWE OYAMBA

Mwala woyamba wa nyumbayi udaikidwa pa 13 Okutobala, 1792. Amene adajambula mapulani ace ndi James Hoban, mmisiri wobadwira ku Ireland. Nchito ya manja idagwiridwa ndi anthu a mitundumitundu: osema miyala ocokera ku Scotland, anchito olipidwa, ndiponso akapolo acikuda amene ambuye ao anali kuwabwereketsa ku boma nalandira okha malipiro. Miyala idakumbidwa ku Aquia Creek, m'dera la Virginia. Mwala wa kumeneko ngwofewa, ndipo umamwa madzi. Tsono m'dziko lacisanu ngati lija madzi akauma gwaa m'kati mwa mwala amaung'amba. Cifukwa ca ici, mu 1798 amisiri adapaka makoma onse njereza kuti atseke timibowo ta mwalawo. Cotero kuyera kumene kudapatsa nyumbayi dzina kudayamba ngati mankhwala otetezera khoma. Pulezidenti woyamba kugonamo ndi John Adams, amene adalowa pa 1 Novembala, 1800, nyumba isanathe bwino.

Pali cinthu cimodzi cimene wowerenga ayenera kucisunga mu mtima, pakuti nkhani yonse yatsamira pa ico. Makoma akunja adamangidwa ocindikira, pa maziko otambalala. Koma makoma a m'kati, amene anali a njerwa, analibe maziko oyenera. Adangokhala pa dothi lofewa ndi zidutswa za miyala. Pa masiku amenewo colakwaci sicidaoneke, cifukwa katundu amene makomawo anali kusenza anali wocepa. Akulu adati mmera mpoyamba: cimene cidalakwika pansi cidadikira zaka zoposa 140 kuti cionekere pamwamba.

OKONZA OTHAMANGA

Pa 24 Ogasiti, 1814, pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa America ndi Britain, asilikali a Britain adalowa mu Washington natentha nyumbayi. Kudatsala makoma akunja okha, akuda bii ndi mwaye, ena ong'ambika ndi moto. Boma lidaitananso Hoban uja, nimuuza kuti afulumire. Nyumba imene poyamba idadya zaka 8 idamangidwanso m'zaka zosakwana 3, ndipo Pulezidenti James Monroe adalowamo mu 1817. Kuti nchito ithe msanga, m'malo mwina m'mene munayenera njerwa Hoban adaikamo mitengo. Nyumba idaoneka monga kale, koma mphamvu yace idacepa.

Pambuyo pace kudadza zinthu zatsopano zimene banja liri lonse lizilakalaka. Mipope ya madzi idalowa mu 1833, nyali za gasi mu 1848, magetsi mu 1891, ndiponso mipope yotenthetsera zipinda nthawi ya cisanu. Zonsezi zinali zabwino. Koma walira mvula walira matope. Mmisiri ali yense wofika ndi mpope kapena waya wace anali kufuna njira yaifupi, ndipo njira yaifupi inali kupyola m'mitanda ndi m'makoma. Anali kusema, kuboola, naphimba malowo ndi matabwa ndi pulasitala, osasiya colembedwa ciri conse coti wobwera pambuyo adziwe.

Apa mpofunika kumvetsa m'mene mtanda usenzera katundu. Mphamvu ya mtanda wogona iri makamaka m'kutalika kwace kucokera pansi kufika pamwamba. Munthu akatenga mtanda wa mainchesi 12 nausema pakati kufikira patsale mainchesi 6, angaganize kuti watsala ndi theka la mphamvu. Iai: pamalo posemedwapo patsala gawo limodzi lokha mwa magawo 4. Ndiye cifukwa cace kabala kooneka kakang'ono kamatha kupha mtanda waukulu.

Mu 1902 Pulezidenti Theodore Roosevelt adalamula kuti nyumba ikonzedwe kwambiri, ndipo adapereka miyezi yowerengeka cabe. Amisiri a kampani ya McKim, Mead and White adafuna kukuza cipinda codyeramo alendo a boma. Kuti atero adacotsa makwerero akulu pamodzi ndi khoma limene linali kusenza zipinda za pamwamba. Katundu amene khomalo linali kunyamula adampacika ndi zitsulo ku mitanda ya kudenga. Cipinda cidakuladi, cidakongolanso, koma kulemera kudasamukira pa makoma ena amene sadamangidwire nchito imeneyo.

Mu 1927, nthawi ya Pulezidenti Calvin Coolidge, denga lakale lidapezeka litafooka. Adalicotsa, namanga m'malo mwace nsanja yacitatu ya zitsulo ndi konkire. Nchitoyi payokha inali yolimba. Koma kulemera kwace kwakukulu kudatsikira pa makoma a m'kati aja, opanda maziko. Makomawo adayamba kumira pang'onopang'ono m'dothi lofewa, nalekana ndi makoma akunja. Zaka zotsatira zinali za umphawi waukulu wa m'ma 1930 ndi za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo palibe amene adafuna kutaya ndalama pa nyumba ya Pulezidenti. Ming'alu ikaoneka anali kuimata, napakapo utoto.

ZIZINDIKIRO

Harry Truman adakhala Pulezidenti mu Epulo, 1945. Atangolowa m'nyumbamo adayamba kumva matabwa ali kulira usiku, makatani ali kugwedezeka popanda wowakhudza. Ndipo m'makalata olembera mkazi wace, Bess, anali kuseka kuti m'nyumbamo muli mizukwa. Koma zizindikiro zidanka ziculuka. Pansi pa zipinda za pamwamba panali kunjenjemera munthu akamayenda. Nyali zazikulu zolenjekeka ku siling'i zinali kugwedezeka pamwamba pa mitu ya alendo. Kuciyambi kwa 1948 Truman adaitana akatswiri a zomangamanga kuti afufuze, ndipo iwo adanena kuti nsanja yaciwiri, m'mene banja linali kugona, inali yoopsa.

Ngakhale adamva cenjezoli, banja lidakhalabe momwemo, popeza caka cimeneco cinali ca cisankho. Mu Juni, 1948, mwendo wa piyano ya Margaret, mwana wamkazi wa Pulezidenti, udaboola matabwa a pansi m'cipinda cace, pulasitala nagwera m'cipinda codyera ca kunsi kwace. Amisiri atakanganula matabwa adapeza mtanda utasweka. Pambuyo pace siling'i ya East Room, cipinda cacikulu koposa zonse, idapezeka itagwa mimba, ndipo adaicirikiza ndi mitengo. Cisankho citatha mu Novembala, Truman ndi banja lace adasamukira ku Blair House, nyumba ya alendo a boma imene iri kutsidya kwa mseu.

Alendo zikwizikwi amene anali kudzaona nyumbayi zaka zonsezo anali kuona makoma oyera, makatani a mtengo wapatali ndi nyali zonyezimira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

NJIRA ZITATU

Mu 1949 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, Congress, idakhazikitsa bungwe la anthu 6 loyang'anira nkhaniyi. Patsogolo pao panali njira zitatu. Yoyamba inali kugumula zonse ndi kumanga nyumba yatsopano yofanana ndi yakale. Yaciwiri inali kupasula makoma akunja mwala umodziumodzi, ndi kuwamanganso pa maziko atsopano. Yacitatu inali kusiya makoma akunja ciimire, kucotsa zonse za m'kati, ndi kumanga m'katimo mwatsopano.

Ena a m'Nyumba ya Malamulo adakonda njira yoyamba, poganiza kuti inali yosabvuta ndi yocepa mtengo. Truman adakana. Kwa iye makoma amene adaona John Adams, napirira moto wa 1814, anali cuma ca mtundu wonse cimene ndalama sizingagule. Njira yacitatu idapambana, ndipo Congress idalola madola 5,400,000. Mmisiri wa mapulani anali Lorenzo Winslow, ndipo nchito yomanga idapatsidwa kwa John McShain wa ku Philadelphia.

NCHITO IMENE IDAGWIRIDWA

Nchito idayamba mu Disembala, 1949, ndipo idayambira pansi. Asanagumule za m'kati, amisiri adakumba maenje pansi pa makoma akunja, pang'onopang'ono, dzenje limodzi apa, lina patali, kuti khoma lisakhale lolenjekeka pa mtunda wautali nthawi imodzi. M'maenjemo adathira nsanamira 126 za konkire, zozama ngati mapazi 25, kufikira pa nthaka yolimba ya miyala. Makoma akale adakhala tsopano pa miyendo yatsopano.

Atatero adacirikiza makomawo ndi zitsulo m'kati, nacotsa zipinda zonse, kotero kuti mu 1950 munthu woima pa dothi pakati pa nyumbayo anali kuona kunsi kwa nsanja yacitatu ya 1927 ija, imene adaisiya itatsamira pa micirikizo. Makina okumba ndi kukankha dothi anali kuyenda m'menemo ngati pa mseu. Popeza Truman sadalole kuti khoma lakale libooledwe, makina akulu adalowetsedwa pa khomo atamasulidwa zidutswazidutswa, nalumikizidwanso m'kati. Adakumba zipinda zatsopano za pansi pa nthaka, naimika mafupa a zitsulo okhala pa maziko ao ao. Kuyambira pamenepo kulemera kwa zipinda ndi denga kudakhala pa zitsulozo, ndipo makoma akale adatsala ndi nchito yodzisenza okha. Wojambula zithunzi wa boma, Abbie Rowe, adajambula nchitoyi kuyambira poyamba kufikira potsiriza.

Mabvuto sadalephere. Mu Juni, 1950, nkhondo ya ku Korea idabuka, mitengo ya zipangizo nikwera. Pa 1 Novembala caka comweco anthu awiri omenyera ufulu wa Puerto Rico adayesa kupha Truman ku Blair House, nyumba yoyandikana kwambiri ndi mseu ndi yobvuta kuilonda. Wapolisi Leslie Coffelt adabvulazidwa pomwepo, nafa tsiku lomwelo. Zitatero, ali yense adafuna kuti Pulezidenti abwerere kwao msanga, ndipo amisiri adafulumizidwa. Banja lidalowanso m'nyumba pa 27 Malici, 1952. Ndalama zonse zidapitirira madola 5,700,000.

ZOPULUMUKA NDI ZOTAYIKA

Makoma akunja adapulumuka, ndipo ali ciimire kufikira lero. Koma za m'kati nkhani yace njacisoni. Poyamba cholinga cinali cakuti zitseko, matabwa osemedwa, zokometsera za pulasitala ndi miyala ya pamoto zicotsedwe bwino, zilembedwe manambala, zisungidwe, ndipo zidzabwezeredwe m'malo mwace. Zambiri zidacotsedwadi motero. Koma nthawi ndi ndalama zitacepa, kudaoneka kwapafupi kupanga zatsopano kusiyana ndi kukonza zakale, ndipo zambiri sizidabwerere. Matabwa a m'cipinda codyera alendo a boma, aja a 1902, adabwezeredwa napakidwa utoto. Mitanda ina yakale idacekedwa kukhala matabwa okuta makoma a zipinda za pansi. Njerwa zina zidatumizidwa ku Mount Vernon, mudzi wa George Washington, kukamangira kumeneko. Tizidutswa ta mitengo, misomali ndi miyala tidagulitsidwa kwa anthu ngati zikumbutso, ndipo zotsala zidakatayidwa ku Fort Myer.

Cotero zipinda zimene alendo aziona tsopano ziri m'malo mwa zakale ndipo zifanana nazo, koma njerwa, mitanda ndi pulasitala wa masiku a Monroe ndi Abraham Lincoln zidapita. Mu 1961 Jacqueline Kennedy adayamba nchito yofunafuna mipando, matebulo ndi zithunzi zakale, ndipo caka comweco Congress idapanga lamulo loteteza katundu wa mbiri wa m'nyumbayi kuti asamatayidwe. Mipando idapezeka, pakuti mpando umasamuka. Koma khoma logumulidwa silibwerera. Mwini nyumba wocedwa kukonza alipira kawiri: alipira ndalama zambiri, natayanso cakale comweco cimene anafuna kusunga.

MAPHUNZIRO KWA OSUNGA NYUMBA ZAKALE

Nyumba za kuno kwao kwa awerengi nzazing'ono, zambiri za njerwa zomangidwa ndi dothi ndi zofoleredwa ndi malata. Koma katundu atsikira pansi cimodzimodzi ku Washington ndi ku mudzi, ndipo malangizo otsatirawa akhudza nyumba iri yonse.

1. Kufufuza kuyambe, kugula kutsate. Mwini nyumba asanagule thumba limodzi la simenti, ayende m'nyumba monse ndi mmisiri wodziwa, makamaka nthawi ya dzinja pamene madontho adziulula okha. Akwere kudenga ndi nyali, abaye mitanda ndi phaso ndi msomali kuti amve ngati m'kati muli moyo. Agogode pulasitala, polira ngati ng'oma pasiyana ndi khoma. Citseko cimene kale cinali kutsekeka bwino koma tsopano cikana, cinena kuti khoma layenda. Mng'alu usamatidwe msanga: alembe ndi pensulo pamene wathera, alembeponso tsiku, ndipo auyang'anire dzinja limodzi ndi cilimwe cimodzi. Mng'alu woima ungamatidwe. Wonka ukula, makamaka wotsata mizere ya njerwa ngati makwerero, uonetsa kuti maziko ali kutsika, ndipo pafunika injiniya. Kuona maso a nkhono nkudekha.

2. Khoma la m'kati lisagumulidwe cisawawa. Colakwa ca 1902 cicitika m'nyumba zambiri pamene banja lifuna pabalaza papakulu. Munthu ayambe waona ngati mitanda ya denga yatsamira pa khomalo. Akumbukirenso kuti khoma la m'kati, ngakhale losasenza denga, limagwira makoma akunja kuti asapendekere. Ngati khoma liyenera kucoka, pakhale mtanda woyesedwa bwino wolowa m'malo mwace, ndi nsanamira zokhala pa maziko.

3. Pamwamba pasaonjezedwe cimene pansi sipangathe. Ici ndico colakwa ca 1927. Kucotsa malata ndi kuika matailosi a konkire kuonjeza kulemera kwakukulu pa phaso ndi pa makoma. Thanki ya madzi nayonso njonyenga maso: lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, cotero thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu. Thanki yotere ikhale pa nsanja yace yace kunja kwa nyumba. Cipinda coonjezera cikhale ndi maziko ace, ndipo nsanja isamangidwe pa makoma a dothi popanda uphungu wa injiniya.

4. Mitanda isasemedwe. Woika mawaya a magetsi kapena mipope ya madzi auzidwe poyera kuti azungulire mtanda. Ngati kuboola nkosapeweka, kabowo kakhale kakang'ono, pakatikati pa msinkhu wa mtandawo. Kusema mtanda kunsi kwace, pakati pa makoma awiri amene auchinjiriza, ndiko koopsa koposa, pakuti mpamene mtengo ukokedwa kwambiri.

5. Madzi ndiwo mdani woyamba. Lata lodontha libvunditsa mtanda; madzi oima m'mbali mwa khoma afewetsa nthaka ya pansi pa maziko; ndipo pamene pali cinyontho ciswe cifika. Nthaka yozungulira nyumba itsetsereke kunka kunja, ngalande zitsegulidwe mvula isanagwe, ndipo njira za ciswe pa khoma ziphwanyidwe ndi kulondoledwa kufikira kumene zacokera. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes idamanga mu 1882 ndi njerwa ndi dothi, iri ciimire patapita zaka zoposa 140. Woiyang'ana aona khonde lalikulu loizungulira, limene liletsa mvula kumenya makoma.

6. Cofewa cimatidwe ndi cofewa cinzace. Khoma lomangidwa ndi dothi limamwa cinyontho ndi kucitulutsanso. Likakutidwa ndi pulasitala wa simenti yambiri, madzi olowa pa ming'alu kapena okwera kucokera pansi asowa potulukira. Njerwa zifumbwa kuseri, ndipo tsiku lina pulasitala akanganuka cigamba cathunthu. Pulasitala wa njereza ndi mcenga alola khoma kupuma. Utoto nawonso ungabise matenda. Ku White House, kuyambira 1980 kufikira 1996, amisiri adapala utoto wosanjikizana kambirimbiri pa makoma akunja, napeza pansi pace miyala yoonongeka yofunika kukonza, ndiponso zipsera za moto wa 1814.

7. Nchito itsate dongosolo. Coyamba ndi kucotsa anthu m'cipinda coopsa ndi kucirikiza cimene cifuna kugwa. Banja la Truman lidagona miyezi yambiri pa mitanda yosweka, ndipo lidangopulumuka mwamwai. Caciwiri ndi kutseka madzi, kudenga ndi pansi pomwe. Cacitatu ndi maziko, kenaka makoma, mitanda, mawaya ndi mipope. Pulasitala ndi utoto zidza potsiriza. Amene ali ndi ndalama zocepa acite zoyambazo caka cino, zokometsera zidikire. Pa ndalama zimene mmisiri wachula, mwini nyumba asungeko zina pambali, pakuti nyumba yakale ikatsegulidwa imaonetsa zimene palibe adaziyembekeza. Malata otuwa akale a asbestos asacekedwe kapena kuswedwa, cifukwa pfumbi lace liononga mapapo.

8. Zakale zisungidwe, ndipo nchito ilembedwe. Citseko ca mlombwa, mafelemu a mazenera ndi njerwa zakale kawirikawiri ziposa zatsopano. Cocotsedwa ciri conse cilembedwe nambala, cisungidwe pouma, ndipo mwini nyumba apangane ndi mmisiri nchito isanayambe kuti zidzabwezeredwa. Pakuti pamapeto, ndalama zikacepa ndi mtima ukatopa, zakale ndizo ziyamba kutayidwa. Zithunzi zijambulidwe nchito isanayambe, iri m'kati, ndi itatha. Pakhalenso kabuku ka nyumba, kolembamo caka, cimene cidakonzedwa, ndi pamene mawaya ndi mipope zadzera. Amisiri a 1948 adataya miyezi kufunafuna zimene anzao akale adabisa m'makoma. Kabuku kotere kapulumutsa wobwera m'mbuyo ku bvuto limenelo.

NYUMBA YOPANDA MWINI MMODZI

White House idafika pa ngozi cifukwa cinanso ici: wokhalamo ali yense anali wongopitirira. Pulezidenti akhala zaka zowerengeka nacoka, cotero ali yense adafuna nchito yofulumira ndi yooneka, nasiyira womtsatira zobisika. Nyumba ya mphunzitsi, ya katekisti, kapena ya makolo imene abale ambiri aitcha yao, iri pa ngozi yomweyi. Wokhalamo ati si yace. Eni ace ati wokhalamo ndiye aone. Pakati pa mau awiriwa denga lidontha zaka 10.

Mankhwala ace ngosabvuta. Komiti kapena banja lisankhe munthu mmodzi wodziwika ndi dzina kuti ayang'anire nyumbayo. Caka ndi caka, m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, munthuyo ayende ndi mmisiri kuona denga, ngalande, ming'alu ndi ciswe, nafotokoze pa msonkhano zimene wapeza. Pakhale thumba laling'ono la nchito imeneyi lokha. Misomali yowerengeka ndi lata limodzi pa nthawi yace zisunga mtanda umene makolo adaudula m'nkhalango imene lero kulibe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi colakwa cobisika m'mamangidwe oyamba a White House cinali ciani, ndipo cifukwa ninji cidacedwa kuoneka?
2. Nchito za 1902 ndi 1927 zidacitidwa ndi amisiri odziwa. Nanga zidaononga bwanji nyumbayo?
3. Mtanda wa mainchesi 12 ukasemedwa kutsala mainchesi 6, utsala ndi mphamvu yotani?
4. Truman adapulumutsa ciani, ndipo cidatayika nciani? Kodi cikadapulumuka nyumba ikadakonzedwa msanga?
5. Mng'alu woopsa usiyana bwanji ndi wosaopsa?
6. Pa nyumba zakale za pa mudzi kapena pa parishi, ndi iti imene ifunika kuyenderedwa mvula isanagwe, ndipo adzaiyendera ndani?